Ngongole Imene Ndinaidzutsa Ndekha

Columbus, Ohio
2 Novembala

Okondedwa achemwali anga a Glenna,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumapiriko? Bondo lija likukuvutanibe mukamakwera masitepe a kutchalitchi, kapena mankhwala atsopano aja athandizako? Nanga Amayi akugona bwino pamene kwayamba kuziziraku? Ine kuno m'thupi ndili bwino. Chimfine chinandigwira masiku atatu, chinandisiya.

Ndikudziwa kuti mudabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene munayankhula naye pafoni Lamlungu lapitali. Tinacheza mphindi makumi awiri, ndipo ndinakuuzani za nyengo ndi za galimoto. Nkhani yeniyeni inafika pakhosi katatu, katatu konse ndinaimeza. Pafoni mumandidula mawu ndi funso lanu lija lakuti kodi ndikudya, ine n'kupezerapo pothawira. Papepala pano pothawira palibe.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Masamba a mitengo ya mumsewu mwathu ayoyoka onse. Ku laibulale denga likudontha pamwamba pa mashelefu a mabuku a mbiri yakale, ndiye m'mawa uliwonse ntchito yanga yoyamba ndi kukhuthula ndowa. Chotenthetsa m'galimoto chafa, ndikuyendetsa nditavala magolovesi a Ababa aja a kumgodi. Sabata yatha ndinakumana ndi msuweni wathu Verlin m'sitolo. Wanenepa moti ndinamuzindikira ndi kuseka kokha. Akuti akupatsani moni, ndipo abwera kumudzi nyengo yosaka agwape ikayamba, koma mukumudziwa Verlin ndi malonjezo.

Tsopano nkhani ija.

Mukukumbuka chaka chimene mkazi wanga Nadine anadwala. Ndinasiya uphunzitsi kuti ndizimudwazika, inshulansi inkalipira zina n'kukana zina, ndipo tinkadya ndi kugula mankhwala pa khadi ya ngongole. Atamwalira, inu munandibwereka madola 4,000 a bokosi ndi manda. Zimenezo mukuzidziwa. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti patatha miyezi itatu chimuikireni, ndinasiya kulipira khadi ija. Malipiro a ku laibulale sankakwana. Ngongoleyo inakula ndi chiwongoladzanja mpaka madola 18,600, ndipo banki inaigulitsa kwa anthu ogula ngongole zakale, iwonso n'kuigulitsa kwa ena.

Ndinasankha kudikira. Monga mukudziwa, ngongole yosabwezedwa imakhala pa kaundula wa ngongole zaka zisanu ndi ziwiri, kenako imafufutika yokha. Ndinawerenganso m'buku lina la malamulo kuntchito kuti kuno ku Ohio, zikatha zaka zisanu ndi chimodzi, mwini ngongole sangakutengerenso kukhoti. Ndinatseka bukulo ndili wokhutira. Ndinawerenga theka la tsamba, achemwali. Munthu wa digiri, wogwira ntchito pakati pa mabuku, ndinawerenga theka la tsamba.

Zaka zonsezi ndakhala ngati kamba m'chigoba. Galimoto ndinagula yakutha kuti ndilipire ndalama zonse pamanja. Nyumba sindinasamuke, podziwa kuti mwini nyumba wina aliyense akayang'ana kaundula uja andikana. Manambala a foni achilendo sindinkayankha. Ndinkawerenga miyezi ngati wandende, ndipo pofika Novembala wa chaka chatha inali itatsala iwiri yokha kuti zaka zisanu ndi chimodzi zija zikwane.

Linali Loweruka masana, ndikusankha nyemba patebulo. Foni inalira, nambala yake yoyamba ngati za kwathu, ndipo ndinayankha poganiza kuti Amayi agwanso. Anali mayi wina, anati dzina lake ndi Rhonda. Anatchula dzina langa mmene timalitchulira kumapiri, mokoka, osati mmene amalidulira anthu a kuno. Asananene chimene waimbira anandifunsa kuti ndine wa a Stidham ati, a kumtunda kapena a kumunsi kwa mtsinje. Anati iye kwawo ndi ku Knott, kuseri kwa phiri lathu, ndipo agogo ake ankagulitsa uchi pamsika wa Loweruka. Papita zaka zingati munthu asanandifunse kuti ndine mwana wa yani? Ndinapezeka ndikumuuza za Nadine. Anapepesa, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti kupepesa kokhako kunali koona.

Kenako anatchula za ngongole ya khadi ija, n'kunena kuti, "Bambo anga, ine sindikukukakamizani ayi. Ingoponyanipo kangachepe, olo twente-faifi, mabwana angawa aone kuti munthuyu mtima ali nawo. Ife a kumapiri sitithawa, si choncho?"

Achemwali, munamvapo mawu amenewo kale. Mukukumbuka Ababa Lachisanu la malipiro, asanafike ndi kunyumba komwe, akuda bii ndi fumbi la malasha, ankayamba aima pasitolo ya a Hobart kukachepetsa ngongole ya ufa ndi khofi. Chaka cha sitalaka chija analibe kanthu, komabe ankapita, tsiku lina ndi dola imodzi, tsiku lina ndi mazira asanu ndi limodzi m'chipewa. Ankati wangongole sabisa nkhope, umakaonekera ndi kangachepe m'manja kuti dzina lisazizire. Ine ndinali nditabisa nkhope zaka zisanu ndi miyezi khumi. Ndinatenga khadi yanga ya kubanki n'kumuwerengera manambala. Madola 25. Nditadula foni ndinamva kupepuka kumene sindinakumve chimwalirire Nadine. Nyemba za tsiku limenelo ndinaphikira ndi chigumu, ndinadya ngati ndili paphwando.

Mtima womwewo ndi umene unandibweretsa kwanu mu Malichi ndi cheke chija chobweza madola 4,000 anu. Ndinali nditasunga pang'onopang'ono zaka zinayi, n'kuphatikiza ndi ndalama ya msonkho imene boma linandibwezera. Munakana kawiri, kachitatu alamu a Dewey anati mulandire msanga munthuyu asanalire. Linali tsiku la 14 Malichi. Tsikulo mulisunge, mumva chifukwa chake.

Mu Juni kunabwera chisamani cha kukhoti. Ndinachiwerenga, n'kunena mumtima kuti akungondiopseza, nthawi yawo inatha mu Januwale. Ndinachiika m'dirowa pansi pa nsalu za patebulo za Nadine. Kunena zoona, sikuti ndinali wotsimikiza. Ndinkaopa kufunsa, poopa kumva yankho. Tsiku la mlandu ndinali kuntchito ndikumata manambala pamisana ya mabuku, ndipo khoti linagamula ine kulibe.

Mwezi wathawu mayi wa ku ofesi ya malipiro anandiitana, n'kutseka chitseko. Anandiuza motsitsa mawu kuti walandira lamulo la khoti loti azidula gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anga. Pa madola 1,120 amene ndimalandira pa masabata awiri alionse, 280 izipita kwa eni ngongole aja mpaka itatha. Lendi yokha ndi 850 pamwezi.

Amene anandithandiza ndi Cedric, mlonda wa pakhomo la laibulale, munthu wamkulu ndithu, wa nthabwala zosatha. Amanditcha Apulofesa. Atandiona ndikutuluka mu ofesi muja anati nkhope imeneyo akuidziwa, iye anaivalapo kawiri. Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira khoma, n'kundifunsa ngati mabuku onsewa ndimangowapukuta fumbi. Anati iye khoti linamusambitsa kawiri ngongole zake zonse, ndipo ndimuyang'ane bwino ngati sakuwala. Ndinakwiya naye tsiku lonse. M'mawa mwake anandipeza ndi kapepala ka nambala ya ofesi ya maloya othandiza anthu osauka, ndipo anandiperekeza yekha pa nthawi yake yopuma, ati poopa kuti ndikafika pakhomo n'kubwerera.

Loya wake ndi Mayi Pruitt, wa imvi, wosakonda kuzungulira. Anayang'ana masiku pamapepala anga n'kunena kuti mlanduwu ukanatha mosavuta ndikanapita kukhoti, pokhapokha ngati ndinalipirapo kanthu posachedwapa. Ine, achemwali, ndinayankha monyadira. Ndinati inde, ndinaponyapo madola 25 mu Novembala, kusonyeza mtima. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anandifotokozera kuti theka lina la tsamba lija limati ukalipirako ngakhale kakobiri, zaka zisanu ndi chimodzi zija zimayambiranso pa tsiku limenelo. Anati n'chifukwa chake anthu amenewa amaimba nthawi ikatsala pang'ono kutha, ndipo sapempha zambiri. Ngongole inali itatsala miyezi iwiri kuti ife yokha, ine ndinapita kukaidzutsa ndi dzanja langa.

Ndinafunsa ngati kudikira kungandithandizebe, poti chaka chamawa dzina langa liyera pa kaundula uja. Anati liyeradi, koma chigamulo cha khoti sichiyendera kaundula. Azidula malipiro anga ngakhale kaundula atayera ngati chipale, ndipo ndi chiwongoladzanja zinditengera zaka zitatu kapena kuposa. Ndinaganizapo zosiya ntchito, kubwerera kumudzi, kumagwira maganyu olipidwa pamanja kuti asandipeze. Ndinaganiza zimenezo masiku awiri athunthu. Koma kumeneko ndi kulowanso m'chigoba, ndipo ulendo uno chigobacho chikanakhala nyumba yanu.

Njira ina ndi imene Cedric amaitcha kusamba: kupita kukhoti kukalembetsa kuti ndalephera kubweza ngongole zanga. Khoti limaona zimene uli nazo, limatenga zimene lingatenge, zotsalazo n'kuzifafaniza. Kudula malipiro kumaima tsiku lomwelo. Mtengo wake ndi wakuti chilembo chimenecho chimakhala pa kaundula zaka khumi. Ndili ndi zaka 47. Ndinapirira zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri kuti ndidzayambe ndi dzina loyera, ndipo tsopano ndiyambanso kuwerenga, mpaka ndidzafike zaka 57. Ndikanapita kukhoti chaka chimene Nadine anamwalira, bwenzi pano nditatsala ndi zaka zitatu zokha. Sindinapite chifukwa ndinkaona ngati Ababa atembenuka m'manda. Ndiye onani: ndinachita manyazi kukagwada kukhoti, sindinachite manyazi kubisala, ndipo tsiku limodzi lokha limene ndinayesa kuchita monga Ababa ndi limene landigwetsa. Sindikuwaimba mlandu. A Hobart ankatidziwa anafe ndi mayina, ndipo mazira aja ankawadya. Nzeru imeneyo inali ya kusitolo ya a Hobart. Wopusa ndi ine amene ndinaitengera kwa anthu amene sanandionepo nkhope.

Ndinauza Mayi Pruitt kuti ndavomera, tilembe mapepala. Anayamba kundifunsa mafunso a pafomu limodzi ndi limodzi, za galimoto, za mipando, za kubanki. Kenako anafunsa ngati m'chaka chapitachi ndinabwezapo ngongole kwa mbale wanga aliyense. Ndinawongokanso pampando, n'kunena kuti inde, ndinabwezera mlongo wanga madola 4,000 onse. Anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "A Stidham, palibe ngakhale mwini ngongole mmodzi amene munamuthawa bwinobwino, kuti ine ndipumeko?"

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukukhudzani. Akuti munthu akalembetsa, khoti limaika woyang'anira amene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndalama zogawira eni ngongole onse mofanana. Ngati unabwezera mbale wako chaka chisanathe, amati unakondera, ndipo woyang'anirayo ali ndi mphamvu yopita kwa mbaleyo kukaitanitsa ndalamazo. Akakana, amamusumira. Ndikanasaina tsiku limenelo, kalata ya kukhoti ikanafika m'bokosi lanu Khirisimasi isanakwane, yofuna madola 4,000.

Mayi Pruitt anandifunsa ngati ndikufuna madzi. Ine m'maganizo ndinkaona kanjira ka matabwa kaja kamene alamu anakhoma pakhonde kuti mpando wamatayala wa Amayi uzikwera, ndi bafa latsopano lija la zogwirira m'khoma. Ndinkakumbukira mmene munandiuzira pafoni kuti Amayi atuluka panja koyamba m'miyezi isanu, akhala padzuwa akulamula a Dewey podzala matimati. Ndalama ija inasanduka matabwa ndi misomali kalekale. Mukanaitenga kuti?

Ndinafunsa ngati pali njira. Anati ilipo imodzi: kudikira mpaka chaka chikwane chiperekereni cheke chija. Ndinafunsanso ngati kumeneko si kubera lamulo, poti mukundidziwa, ndimakayikira ngakhale mthunzi wanga. Anati lamulo linaika malire pa chaka chimodzi, ndipo kuima kuseri kwa malire si kuba, bola pafomu ndidzanene zoona zokhazokha. Anandichenjeza kuti miyezi inayi ndi theka imeneyi azindidulabe malipiro, ndipo palibe chimene iye angachite. Anati anthu ambiri amene amakhala pampando umenewo amasankha kusaina lero, mlongo adzaona yekha. Sanandiuze chochita.

Ndasankha kudikira. Tapangana kuti mapepala tidzakapereke pa 17 Malichi, kuti pasadzakhale mkangano wa masiku. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achemwali. Ngongoleyi ndinaidzutsa ndine.

Kuti ndikwanitse, nyumba ino ndikuisiya kumapeto kwa mwezi uno. Cedric ali ndi kachipinda pamwamba pa galaja yake, wati ndizimupatsa 300 pamwezi, ndipo lamulo lake ndi limodzi, lakuti foni yanga ikalira nambala yachilendo ndizimupatsa iye ayankhe. Akuti wakonzeka kuwauza kuti iyenso kwawo ndi kuseri kwa phiri. Ndayamba kulongedza. Mabuku ambiri ndapereka ku laibulale. Dzulo ndinatsitsa makatani achikasu amene Nadine anasoka chaka chimene tinalowa muno, ndipo pakhoma patsala mizere yoonetsa pamene dzuwa silinkafika. Ndinakhala pansi pakati pa makatoni mpaka tiyi anazizira. Ndinkaganiza kuti nyumba ino ndinakakamiramo chifukwa cha kaundula. Dzulo ndinazindikira kuti sichinali chifukwa chokhacho.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati pamenepanso sindikuwerenga theka la tsamba. Mwina pali chinthu china chimene ndidzachimve mu Malichi, Mayi Pruitt n'kuvulanso magalasi. Koma ulendo uno ndafunsa, ndafunsanso, ndipo ndalemba mayankho ake m'kope. Kalata iliyonse imene ikubwera ndikuitsegula tsiku lomwelo, nditaima pomwepo pabokosi.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha.

Ndikukudziwani. Muwerenga kalatayi kawiri mutaima m'khitchini, muipinda, kenako muitana alamu kuti agulitse ng'ombe ziwiri zija, kapena mukwera galimoto kupita kwa akatapira a chikwangwani chachikasu aja a pamsewu waukulu, kuti mundibwezere ndalama ija. Chonde musatero. Musatumize yonse, musatumize theka, musaike m'thumba la jekete langa ndikabwera monga munkachitira ndili ku koleji. Ndafunsa kale: mukandibwezera, ndalamayo sikhala m'manja mwanga, ipita kwa anthu omwe aja amene anagula dzina langa pamtengo wa nkhuku, ndipo inu mutsala ndi ngongole ya katapira m'malo mwa ng'ombe. Sipakhala wopindula pakati pa inu ndi ine.

Koma chifukwa chachikulu si chimenecho. Mu Malichi ndikaima pamaso pa anthu achilendo kukavomera kuti ngongole zanga zandilaka. Ndikufuna ndidzalowe m'chipinda chimenecho ndikudziwa kuti ilipo imodzi imene ndinabweza yonse, ndi dzanja langa, maso ndi maso, kwa munthu amene amandidziwa dzina, ndipo inali ya bokosi la mkazi wanga. Zina zonse ndinazisokoneza. Imeneyo yokha ndisiyireni.

Pa tchuthi cha Chiyamiko, kumapeto kwa mwezi uno, ndibwera, galimoto ikalola. Mafuta ndasungira kale, musadandaule. Amayi ndidzawauza ndekha nkhaniyi tikadya, ndipo ngati adzafune kundikalipira m'dzina la Ababa, ndidzakhala pansi ndimve zonse. Ngati padzakhale keke ija ya maapozi ouma, sindikana. Koma chimene ndikulakalaka kwambiri ndi kuwatulutsa panja masana, ndikankhe mpando wawo pa kanjira kaja kutsika ndi kukwera, ndimve matabwa akulira pansi pa mapazi anga ndikudziwa kuti palibe amene adzabwere kudzawazula.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti magolovesi a Ababa akugwirabe ntchito. Moni kwa alamu anga a Dewey, muwauze kuti misomali yawo ndidzaiyendera umodzi ndi umodzi ngati woyendera sukulu. Moni kwa ana anu onse awiri ndi mabanja awo, kwa azakhali a Opal, ndi kwa abusa. Mukapita kumanda Lamlungu, mukachotseko masamba pamwala wa Nadine.

Tsalani bwino, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Arlis